Mbiri ya Andrew Mynarski, Mnyamata wa ku Canada Amene Anabwerera ku Moto

Akuru athu anatisiyira mwambi wakuti, mnzako akapsa ndebvu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu timauphunzitsa ana, ndipo uli woona. Koma tikaupenyetsetsa tiona kuti uli ndi malipiro m'kati mwache, pakuti ulonjeza za mawa. Nanga munthu amene azimira mnzache moto, alikudziwa kuti kapena mawa lachelo sadzaliona, timutche ndani? Mwezi uno tifuna kufotokozera owerenga athu mbiri ya munthu wotere. Dzina lache ndiye Andrew Charles Mynarski, mnyamata wa ku Canada, amene anafera m'dziko la France pa 13 Juni 1944, ali ndi zaka 27, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo imeneyo si yachilendo kwathu kuno, popeza asilikari a K.A.R. ochokera m'midzi yathu anakaimenya ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Koma za iwo amene anaimenyera m'mlengalenga usiku, ambiri a ife sitinamve bwino.

Andrew anabadwa pa 14 Okutobala 1916 m'mudzi waukuru wa Winnipeg, m'chigawo cha Manitoba, pakati pa Canada. Ndilo dziko la zigwa zazikuru za tirigu, ndi la chisanu choopsa, kotero kuti nyengo yozizira mitsinje iuma nikhala ngati mwala, anthu nayendapo ndi mapazi. Makolo ache anali ochokera ku Poland, amene anaoloka nyanja kukafuna pokhala pabwino, monga anachitira anthu ambiri a ku Ulaya masiku aja. Linali banja la anthu wamba, la ana 6. Pamene Andrew anali ndi zaka 16 atate wache anamwalira, ndipo mnyamatayo analowa nchito yodula zikopa zofewa, kuti athandize amai wache kulera abale ache. Amene anamdziwa anati anali munthu wofatsa, wosachuruka mau.

Pa 1 Seputembala 1939 Ajeremani analowa m'Poland, dziko la makolo ache, ndipo nkhondo inabuka. Canada inalowamo pa 10 Seputembala. M'chaka cha 1940 Andrew anakhala kanthawi m'gulu la asilikari a pansi la Royal Winnipeg Rifles, ndipo m'chaka cha 1941 analembedwa m'gulu la nkhondo la m'mlengalenga, la Royal Canadian Air Force. Masiku amenewo Canada inasanduka sukulu yaikuru ya ndege. Pakuti pa 17 Disembala 1939 maboma a Britain, Canada, Australia ndi New Zealand anapangana kuti anyamata ao akaphunzirire kumeneko, kutali ndi mabomba a adani, ndipo pakutha pa nkhondo amene anatsiriza maphunzirowo anapitirira 131,000. Andrew anaphunzira nchito ya mfuti za m'ndege, natsiriza chakumapeto kwa 1942, naoloka nyanja kunka ku England.

Kuti timvetse zimene zinachitika, tiyenera kuyamba tadziwa mamangidwe a ndege imene iye anakweramo. Gulu la Angerezi loponya mabomba, lotchedwa Bomber Command, linali ndi ndege zazikuru za mitundu ingapo, ndipo yomveka koposa inali Lancaster. Inali ya mainjini 4, awiri pa phiko la kumanja ndi awiri pa phiko la kumanzere, ndipo inanyamula anthu 7, yense ndi nchito yache: woyendetsa, wosamala mainjini, wolondola njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi amfuti awiri. Wamfuti mmodzi anakhala pamsana pa ndege, winayo ku mchira kweni kweni. Yense wa awiriwa anakhala m'kanyumba kakang'ono kopenyeka kunja ngati galasi, kamene kanatembenuka uku ndi uku ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa m'mipope. Wa ku mchira ndiye anali payekha koposa onse. Anakhala chofulatira anzache, miyendo itapindika, m'chisanu cholasa mafupa, maora ambiri, alikupenya mumdima ngati mdani alinkudza. Zitseko za kanyumba kache zinali kumsana kwache; ndipo kanyumbako kakaima pokhota, munthuyo sakanakhoza kubwerera m'kati mwa ndege, sakanakhozanso kudzigwetsa kunja.

Nchito ya ndegezi inali kunyamuka madzulo ku England, kuoloka nyanja mazana mazana pamodzi, kukaponya mabomba pa mafakitale, pa njanji ndi pa midzi ya adani, ndi kubwerako kusanache. Pansi zinadikiridwa ndi mizinga ndi nyali zamphamvu zofufuza kumwamba. Kumwamba zinasakidwa ndi ndege za liwiro, zimene zinakonda kudzera kunsi, kumene amfuti sanakhoze kuona bwino. Lamulo linali lakuti munthu akwanitse maulendo 30 asanapumule, koma ambiri sanafikeko. Mwa anyamata pafupifupi 125,000 amene anauluka m'Bomber Command, 55,573 anafa. Ndiko kunena kuti pa anthu 100 ali onse, 44 sanabwerere kwao. Mwa akufawo a ku Canada anali pafupifupi 10,000, chinkana dziko lao lonse linali ndi anthu osapitirira 12 miliyoni. Tisabisenso mbali inayo. Mabomba amene ndegezi zinaponya anatentha midzi monga Hamburg m'chaka cha 1943 ndi Dresden m'chaka cha 1945, napha anthu wamba zikwi mazana, akazi ndi ana pamodzi. Wolemba mbiri wokhulupirika ayenera kutchula maliro onse awiri.

M'mwezi wa Epulo 1944 Andrew ndi anzache anatumizidwa ku gulu la ndege la a Canada lotchedwa 419 Squadron, limene linakhala pa bwalo la Middleton St George, kumpoto kwa England. Woyendetsa ndege yao anali Art de Breyne. Wolondola njira anali Robert Bodie. Woponya mabomba Jack Friday. Wa wailesi Jim Kelly. Wosamala mainjini Roy Vigars, ndiye Mngerezi mmodzi yekha pakati pao. Wamfuti wa ku mchira Pat Brophy. Ndi Andrew pamsana. Ndege yao, ya nambala KB726 ndi zilembo VR-A, inapangidwa kwao komwe, ku Malton m'chigawo cha Ontario, kumene anapanga ndege za Lancaster 430. Andrew ndi Brophy anakondana ngati pachibale, chinkana anasiyana udindo. Pakuti Brophy anali ofesala, nagona ku nyumba za maofesala, pamene Andrew anagona kwa asajeni. Brophy anasimba pambuyo pache kuti usiku posiyana, Andrew anazolowera kuima chiriri, kumchitira sawatcha mwanthabwala, ndi kumtsazika kuti bwana agone bwino. Owerenga asunge kanthu aka, pakuti tidzakapezanso kutsogolo.

Pa 6 Juni 1944 magulu a nkhondo a Britain, America ndi Canada anakocheza pa gombe la Normandy, kuyamba kuombola France. M'masiku otsatira chinthu chachikuru chinali kuletsa Ajeremani kuti angatumize asilikari ndi akasinja ku gombeko. Chifukwa chache ndege zinalamulidwa kuphwanya njanji ndi mabwalo okumanirapo sitima. Usiku wa pa 12 Juni gulu la 419 linauzidwa kukaphwanya bwalo la sitima la ku Cambrai, kumpoto kwa France. Kwa de Breyne ndi anzache uwu unali ulendo wa 13, ndipo anadziwa kuti pofika kumeneko tsiku lidzakhala litasanduka la 13; ndiyo nambala imene Azungu ambiri aiyesa ya tsoka. Pamene analikudikira pa udzu pafupi ndi ndege, Andrew anatola tsamba la kaudzu kotchedwa clover. Tsamba lotere limakhala ndi timasamba 3, koma ili linali ndi 4, ndipo kwa iwo chimenecho chiri chizindikiro cha mwai. Iye sanalisunge, koma analipatsa Brophy, amene analiika m'chisoti chache.

Pakati pa usiku patangopitirira, alikuyandikira Cambrai, ndege ya Ajeremani ya mtundu wa Junkers 88 inawadzera kunsi chakumbuyo, niwaomba. Mainjini onse awiri a kumanzere anafa pomwepo, phiko linagwira moto, ndipo mipope ya mafuta itang'ambika, moto wina unabuka m'kati mwa ndege, pakati pa malo a Andrew ndi mchira. De Breyne, poona kuti ndege siingapulumuke, analamula onse kuti alumphe. Yense anali ndi parachuti, ndiyo nsaru yaikuru yopindidwa m'thumba, imene itambasuka ngati ambulera, nimtsitsa munthu pang'ono pang'ono kufikira pansi. A kutsogolo anaturukira pa chibowo cha kutsogolo. Friday anagundidwa ndi chitseko chache nakomoka, ndipo Vigars anayamba wamturutsa iye, mwini asanalumphe. De Breyne anaigwira ndege kanthawi kuti anzache apeze mpata, ndipo potsiriza analumpha nayenso.

Andrew anatsika pamalo pache, nafika pa khomo la kumbuyo. Khomo linali pomwepo, lamulo lakulumpha linali litaperekedwa kale, ndipo panatsala phazi limodzi lokha. Koma potembenuza maso anaona kupyola malawi kuti Brophy akali m'kanyumba kache, alikulimbana ndi zitseko. Mafuta atatayika m'mipope, kanyumbako kanaima pokhota. Brophy anayesa kukatembenuza ndi chogwirira cha manja, koma chogwiriracho chinathyoka. Pamenepo Andrew analisiya khomo. Anagwada, nakwawa ndi manja ndi maondo kupyola m'mafuta oyaka, ndege irikupendama ndi kutsika, ndipo pofika ku mchira zobvala zache ndi parachuti yache zinali zitagwira moto. Anatenga nkhwangwa imene isungidwa m'ndege chifukwa cha ngozi, natema zitseko. Zinasuntha pang'ono, koma sizinatseguke. Anataya nkhwangwa, nayamba kukoka ndi manja ache, moto ulikumdya.

Brophy, poona kuti mnzache alikupsa pachabe, anamuingitsa ndi dzanja, namuuza kuti achoke, adzipulumutse. Andrew anakakamirabe kanthawi. Ndipo atazindikira kuti palibe china chimene angachite, anabwerera chokwawa kupyola moto womwe uja, nafikanso pa khomo. Pamenepo anaimirira, natembenukira kwa mnzache, naima chiriri m'zobvala zache zoyaka, namchitira sawatcha. Brophy anaona milomo yache irikugwedezeka. Mau sanawamve chifukwa cha phokoso, koma anati anadziwa kuti ndi mau aja akutsazika a usiku uli wonse. Ndipo Andrew analumpha.

Afalansa a m'midzi ya pafupi anaona munthu alikutsika kumwamba, zobvala ndi parachuti zirikuyaka. Anamfunafuna nampeza akali moyo, koma atapsa koopsa, ndipo posakhalitsa anamwalira ndi mabala ache. Anaikidwa m'manda a mudzi wa Méharicourt, m'dera la Amiens, kumene agona kufikira lero pamodzi ndi anyamata ena a m'ndege.

Tsono nachi chodabwitsa. Ndege ija, yopanda woyendetsa, yodzala ndi mabomba, inagwera m'munda pafupi ndi mudzi wa Gaudiempré. Inakhudza pansi ndi mimba, nikhukhuluzika, nigunda mtengo. Ndipo kugundako kunatsegula kanyumba kaja kamene nkhwangwa inalephera, nikumponya Brophy kunja. Anauka wamoyo, wosabvulala kweni kweni, ndipo anasimba kuti pobvula chisoti, tsamba lija linagwa pansi. Afalansa amene analimbana ndi Ajeremani mobisika anambisa, ndipo m'mwezi wa Seputembala 1944 anabwerera ku England. Friday ndi Vigars anagwidwa, nakhala m'ndende ya adani kufikira nkhondo inatha. De Breyne, Bodie ndi Kelly anabisidwa ndi Afalansa monga Brophy. Mwa anthu 7 aja, wakufa anali Andrew yekha.

Zimene zinachitika ku mchira palibe wina anazidziwa koma Brophy. Pamene iye anazisimba kwa anzache, de Breyne anayamba kulembera akuru a nkhondo, ndipo Brophy anapereka umboni wache wolembedwa. Pa 11 Okutobala 1946 kunalengezedwa kuti Mfumu George VI yapatsa malemu Andrew Mynarski mendulo ya Victoria Cross. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa ndi Mfumukazi Victoria m'chaka cha 1856. Ndiyo yoposa zonse zimene asilikari a Britain ndi maiko ogwirizana nayo alandira chifukwa cha kulimba mtima pamaso pa mdani, ndipo siperekedwa popanda umboni wolimba.

Tiyeni tsopano tilingalire pamodzi. Tikayesa nchito ya Andrew monga ayesera zinthu pa msika, tidzati inapita pachabe. Zitseko sanazitsegule. Chimene chinamasula Brophy ndi mtengo wa m'munda. Ndipo Andrew akadalumpha pa nthawi yoyamba ija, onse 7 akadabwerera kwao amoyo, ndipo amai aja a ku Winnipeg sakadalira maliro. Izi nzoona, ndipo sitizikana. Koma Andrew, poima pa khomo paja, za mtengo sanazidziwe. Chimene anadziwa ndi ichi chokha, kuti mnzache ali m'moto, ndi kuti kumbuyo kwa ndegeyo kunalibe wina womthandiza. Akadalumpha palibe akadamtsutsa, pakuti woyendetsa anali atalamula kale. Ndiponso akadayesa kuti palibe adzadziwa, pakuti yekhayo amene anamuona analikupita ku imfa. Sanali ndi chiyembekezo cha mendulo, kapena cha chiyamiko, kapena cha mawa lija la m'mwambi. Timuyese ndi chimene anasankha pa zimene maso ache anaona. Ndipo poyesa motero tidzapeza kuti kulephera kwa nkhwangwa sikuchotsa kanthu pa ulemu wache.

Chachiwiri choyenera kulingalira ndi kuchepa kwa ulusi umene mbiri iyi inalenjekekapo. Mboni inali imodzi, ndiyo munthu amene mwa maonekedwe onse anayenera kufa patapita mphindi zowerengeka. Ndege ija ikadagwa mwina, dzina la Andrew likadakhala limodzi la maina 55,573 aja, ndipo abale ache akadangouzidwa kuti anafa ndi moto. Ndege zambiri zinagwa ndi anthu ache onse 7, osatsala ndi mmodzi yemwe wakukasimba. Pa chikumbutso cha ku Runnymede, pafupi ndi London, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1953, palembedwa maina oposa 20,000 a anthu a m'ndege amene ngakhale manda ao sadziwika. Kodi mwa iwo munalibe ena amene anabwerera ku moto chifukwa cha mnzao? Kodi munalibe oyendetsa amene anakhalabe pa mpando kuti anzao aturuke, nachedwa okha? Anali anyamata a mtundu womwewo, ophunzitsidwa pamodzi, okondana momwemo. Chifukwa chache pokumbukira Andrew tiyenera kukumbukira pamodzi naye iwo amene analibe Brophy wao.

Ndipo kukumbukirako kunachedwa. Nkhondo itatha, anthu ambiri a ku Britain anabvutika mumtima poona midzi ya Germany imene inasanduka phulusa, ndipo anyamata a Bomber Command sanapatsidwe mendulo yaoyao ya nchito imeneyo. Chikumbutso chao chachikuru cha ku Green Park, m'London, chinatsegulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II pa 28 Juni 2012, patapita zaka 67, ambiri a otsala atamwalira kale. M'denga lache muli chitsulo cha ndege ya Halifax ya gulu la a Canada, imene inagwetsedwa ku Belgium m'mwezi wa Mei 1944. Ndipo mau olembedwa pa chikumbutsocho akumbukiranso anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba pa nkhondoyo. Ife tiyesa kuti anachita bwino kulemba motero. Mlandu wa kutentha midzi uli wa akuru amene analamula, ndipo anthu autsutsanabe kufikira lero. Koma mlanduwo sufafaniza chimene mnyamata wodula zikopa anachitira mnzache, monganso chimene iye anachita sichifafaniza misozi ya a ku Hamburg.

Kwao ku Canada dzina lache lasungidwa m'njira zingapo. Ku Winnipeg kuli sukulu yotchedwa dzina lache, ndipo kumpoto kwa Manitoba kuli nyanja zotchedwa Mynarski. Ku Nanton, m'chigawo cha Alberta, kuli khoma lolembedwa maina oposa 10,000 a anyamata a ku Canada amene anafa m'Bomber Command. Ku Middleton St George, kumene ananyamukira ulendo wache wotsiriza, anaimika fano lache la mkuwa m'chaka cha 2005, lomuonetsa alikuchita sawatcha. Ndipo ku Hamilton, m'chigawo cha Ontario, anthu odzipereka anakonza Lancaster yakale zaka zambiri, naipaka zilembo zomwe zija za VR-A, ndipo inaulukanso m'chaka cha 1988. Mwa ndege za Lancaster 7,377 zimene zinapangidwa, ziwiri zokha zatsala zouluka, iyi ndi inzache ya ku England. Ndipo m'chaka cha 2014 ya ku Canada inaoloka nyanja ya Atlantic, niuluka pamodzi ndi inzacheyo pamaso pa makamu a anthu.

Brophy anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 47 chichitikire izi, namwalira m'chaka cha 1991. Moto wa mnzache sanakhoze kuuzima, pakuti mawa lija la m'mwambi silinadze. Koma ngongole yache anaibweza ndi pakamwa, posimba zimene anaona, kufikira dziko lonse linazimva. Apa ndipo pali gawo lathu, owerenga okondedwa. Ambiri a ife sitidzaitanidwa kulowa m'moto. Koma palibe mmodzi wa ife amene sanaonepo chabwino chimene mnzache anachita mseri, pa matenda, pa njala, kapena pa madzi osefukira. Amene anaona chotere asafe nacho m'mimba. Achisimbe kwa ana, achilembe pa pepala, atchule dzina la mwini wache akali ndi mpweya. Pakuti mboni ikatsikira kuli chete isananene, nchito yabwino ija itsikira nayo pamodzi.